Makamera a pa loji sakuoneka pa foni, nkhani yake ndi IP address

Bambo wina wa kaloji ku Monkey Bay wandilembera imelo, akuti anaikitsa makamera a CCTV, akakhala pa loji pompo amaoneka bwinobwino koma akangofika pa boma pano pa foni zii, ndiye mnyamata amene anawaikira uja akuti pakufunika public IP, ndiye kuti nambala (address) yawoyawo yoti foni iziwapezera pa intaneti, kampani ya intaneti nayo ikufuna ndalama ina yapadera mwezi ndi mwezi. Akufunsa kuti kodi akuberedwa?

Achimwene, sikuti akukuberani, kungoti katunduyu anatha. Ma address amene intaneti yakhala ikugwiritsa ntchito, a IPv4, alipo pafupifupi 4.3 biliyoni basi, pomwe anthu padziko tinapitirira 8 biliyoni, osawerengera mafoni ndi makamera anuwo. Kumayambiriro ankangogawa mwachisawawa, Apple ndi Ford aliyense anatenga ma address oposa 16 miliyoni, ife kuno tisanaione nkomwe kompyuta. Nkhokwe yaikulu ya IANA, bungwe logawa ma address padziko lonse, inauma mu February 2011. Kuno ku Africa amagawa ndi a AFRINIC amene ali ku Mauritius, ndipo kuyambira 2020 kampani ikapempha siipatsidwa oposa 1,024 pa ulendo umodzi, tangoganizani kampani ya makasitomala mamiliyoni, komanso bungwe la AFRINIC lakhala lili m'makhoti kuyambira 2021 pa nkhani ya ma address omwewa.

Ndiye makampani amatani? Amatiunjika anthu ambirimbiri pa address imodzi, amati CGNAT. Zili ngati kale lija mudzi wonse tinkagwiritsa ntchito bokosi la positi la pasukulu, yankho la kalata imene mwalemba nokha limakupezani chifukwa aheadi akudziwa kuti ndi yanu, koma kalata yongobwera yopanda dzina aipereka kwa ndani? Foni yanu ikamafuna kamera imakhala ngati kalata yachiwiriyo. Lowani mu rauta muone address ya WAN, imene kampani ya intaneti yakupatsani, ikayamba ndi 100.64 mpaka 100.127 dziwani kuti muli pa bokosi la sukulu.

Mankhwala ake alipo kalekale, mtundu watsopano wa ma address wotchedwa IPv6, inalembedwa 1998, ma address ake ndi ochuluka kuposa mchenga wa ku Cape Maclear. Koma IPv6 ndi IPv4 sizimvana, kampani iyenera kuyendetsa zonse ziwiri nthawi imodzi, kugula zipangizo zina ndi madola osowawa, kuphunzitsa anyamata ake, pomwe kasitomala bola WhatsApp ikutseguka sadandaula. Komanso kunena zoona, munthu amene akupeza ndalama pobwereketsa public IP angafulumire bwanji kubweretsa chinthu choti aliyense akhale ndi yake?

Inuyo musanalipire, muuzeni mnyamatayo aone ngati DVR yanu, makina osunga zimene makamera ajambula, ili ndi P2P kapena cloud, zambiri za masiku ano zimakhala nazo, mumangojambula QR code ndi app yake basi makamera aoneka ngakhale muli ku Blantyre. Koma asinthe password ija inabwera ndi makinawo.