Ndigule lenzi yanji yojambulira maukwati?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndine mtsikana wa ku Zomba ndipo ndayamba kujambula pa zinkhoswe ndi maukwati. Kamera yanga ndi Canon 600D, ili ndi lenzi ya 18-55mm. Ndalama zomwe ndasunga zikukwanira lenzi imodzi yokha. Ena akuti ndigule yoona malo aakulu, ena akuti yokoka zakutali. Ndimvere ati?

YANKHO: Achemwali, yoona malo aakulu muli nayo kale. Mukaika pa 18mm, akuchimuna ndi akuchikazi onse amakwana m'chithunzi chimodzi. Kungoti amene aima m'mphepete amaoneka otambalala matupi, ndipo mukayandikira kwambiri nkhope ya mkwatibwi, mphuno imakula. Palibe mkwatibwi amene angakulipireni mokondwa ataona zotere.

Yokoka zakutali, monga 55-250mm, ndi yabwino panja masana. Mumaima patali, osatchinga abusa kuguwa, koma n'kujambula mphete ikulowa pachala. Vuto lake ndi kuwala. Mukaikoka mpaka pamapeto imatseguka kufika pa f/5.6 basi (nambala ya f ikakhala yaikulu, kuwala kolowa kumachepa), pamene matchalitchi ndi maholo athu ambiri amakhala ndi kamdima. Kuwala kukachepa, kamera imachedwa kutsinzina pojambula, akwati akungoyenda, dzanja lanu likunjenjemera, chithunzi n'kutuluka chachimbuuzi.

Ine ndikuti gulani 50mm f/1.8. Ndi imodzi mwa malenzi otsika mtengo kwambiri a Canon, ndipo imalowetsa kuwala pafupifupi kakhumi kuposa f/5.6. Pa 600D yanuyo muzichulukitsa nambala ya lenzi ndi 1.6 kuti mudziwe mmene ikokere zinthu, ndiye 50mm imaona ngati 80mm. Pamenepo nkhope imatuluka mmene ilili, ndipo mipando, zingwe za zokuzira mawu ndi ana othamanga kumbuyo zimazimiririka. Zithunzi zimene akwati amapachika pabalaza ndi zotere.

Lenzi imeneyi simungaisinthe kakokedwe kake ayi, woyenda ndinu. M'kachipinda kodzikongoletsera mkwatibwi ikupanikizani, ndipo perekaniperekani akayamba, anthu atakuzungulirani ndi ndalama m'manja, bwezeranipo msanga 18-55mm ija. Yaitaliyo mudzagule mukadzayamba kujambula mpira kapena mvuu ku Liwonde.

Ngati mukugula yogwira kale ntchito, iunikeni mkati ndi tochi ya foni. Mukaona tinthu tonga ulusi wa kangaude pagalasi, imeneyo ndi nkhungu yobwera ndi chinyezi, isiyeni ngakhale atsitse mtengo. Nthawi ya dzinja ku Zomba kumakhala chinyezi chambiri, choncho yanunso muziisunga m'kabokosi kotseka bwino, muli timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi.