Mafunso Anu: ma ohm, mawaya ndi mabokosi a masipika a gitala ya besi

Akonzi, kumbuyo kwa ampulifaya yanga ya besi kwalembedwa kuti isapatsidwe ma ohm ochepera 4. Ndili ndi bokosi la masipika la 4 ohm, ndipo ndikufuna kuwonjezera lina la 8 ohm kuti mawu azifika kutali. Pobayika mawaya palipo pawiri. Ndilumikize onse?

Ayi, musatero. Pobayika pawiri paja kawirikawiri pamakhala polumikizana kale mkati mwa njira ya parallel, kutanthauza kuti mbali ya + ya bokosi lina imakumana ndi + ya linzake, ndipo − imakumana ndi −. Mabokosi akalumikizidwa chonchi ma ohm, omwe ndi muyeso wa mmene sipika imakanizira magetsi kudutsa, amatsika. Kuti mudziwe atsika kufika pati, chulukitsani manambala awiriwo, kenako mugawe ndi chimene mungapeze mukawaphatikiza. Kwa inu ndi 4 kuchulukitsa ndi 8, zomwe ndi 32, kugawa ndi 12. Yankho ndi 2.67 ohm, ndiye mwadutsa kale malire a ampulifaya yanu.

Ma ohm akachepa, masipika amakoka magetsi ambiri kuchokera ku ampulifaya, ndipo matiranzisita ake amatentha. Ampulifaya zambiri zamakono zimadzizimitsa zokha zikatenthedwa. Choipa n'chakuti sizizima mukamayeserera motsitsa, zimazima nyimbo ili mkati, pamene mwakweza. Zopanda chitetezo chotere zimangopsa.

Ngakhale ampulifaya yanu ikanalola 2 ohm, sitikanakulimbikitsanibe. Bokosi la 4 ohm likanatenga magawo awiri mwa magawo atatu a mphamvu yonse, la 8 ohm n'kutenga gawo limodzi lokha. Lina lili pafupi kung'ambika, linzake likungonong'ona. Njira yabwino ndi mabokosi awiri a 8 ohm, makamaka ofanana: pamodzi amapanga 4 ohm ndipo amagawana mphamvu theka ndi theka.

Tinenenso za mawati, chifukwa ambiri amathamangira bokosi la 4 ohm poganiza kuti "akufinya" mphamvu yonse ya ampulifaya. Ampulifaya yopereka mawati 500 pa 4 ohm nthawi zambiri imapereka cha m'ma 300 pa 8 ohm. Papepala kusiyanako kumaoneka kwakukulu, koma ku khutu ndi ma decibel (muyeso wa kukwera kwa mawu) awiri okha ndi kadontho. Ngakhale kuwirikiza mawati kawiri kumangowonjezera ma decibel 3. Chimene chimakweza mawu a besi kwenikweni ndi kuchuluka kwa masipika okankha mpweya. Ndiye bokosi loyamba gulani la 8 ohm, musiye malo a lachiwiri.

Ndagula bokosi lakale lopanda chizindikiro. Nditayeza ndi mita yoyezera magetsi, ikuwerenga 6.2 ohm. Kodi lawonongeka?

Silinawonongeke, limenelo ndi la 8 ohm. Mita imayeza ndi magetsi osasinthasintha a m'batire mwake, choncho imangoona waya wa koyilo, womwe ndi waya wokulungidwa mkati mwa sipika. Nambala imene imalembedwa pa bokosi ndi yoyerekeza, chifukwa ma ohm a sipika amakwera ndi kutsika malinga ndi mawu amene ikulira. Bokosi la 8 ohm limawerenga pakati pa 5.5 ndi 7, la 4 ohm limawerenga cha m'ma 3, la 16 ohm cha m'ma 12. Yezani bokosi litazulidwa ku ampulifaya. Mita ikaonetsa ziro ndiye kuti mawaya agundana penapake. Ikapanda kuwerenga chilichonse, waya waduka kapena koyilo yapsa.

Ndili ndi masipika anayi a mainchesi 10, iliyonse ya 8 ohm. Ndiwalumikize bwanji kuti bokosi likhale la 4 ohm?

Ndi masipika amenewo 4 ohm simuipeza, ngati mukufuna onse anayi azigawana mphamvu mofanana. Onse mu parallel amapereka 2 ohm. Onse mu series, kutanthauza motsatizana ngati mikanda pa ulusi, ma ohm amaphatikizana n'kukhala 32. Yotsala ndi njira yosakaniza, yomwe imapereka 8 ohm, ndipo ndi imene muyenera kutsata.

Tengani sipika yoyamba ndi yachiwiri, mulumikize − ya yoyamba ku + ya yachiwiri. Gulu limeneli tsopano ndi la 16 ohm, ndipo nsonga zake zotsala ndi + ya yoyamba ndi − ya yachiwiri. Chitani chimodzimodzi ndi yachitatu ndi yachinayi. Kenako + zotsala za magulu awiriwo zipite pamodzi ku + ya pobayika waya, − zotsala zipite ku −. Magulu awiri a 16 ohm mu parallel apanga 8 ohm. Mukafunitsitsa 4 ohm, pafunika masipika anayi a 16 ohm, onse mu parallel. Umu ndi mmene opanga mabokosi ena amachitira: bokosi lotchuka la Ampeg SVT la masipika 8 lili ndi masipika a 32 ohm, onse mu parallel, ndipo likuthera pa 4 ohm.

Musanamange zomangira, tengani batire laling'ono la 9 volt mugunditse kamphindi kochepa chabe ku mawaya olowa m'bokosi, + ku + ndi − ku −. Mapepala a masipika onse anayi ayenera kutulukira kunja nthawi imodzi. Ina ikalowa mkati, mawaya ake atembenuzika. Sipika yotembenuzika siipsa, koma imakoka pamene zinzake zikukankha, ndipo mawu apansi amafafanizika. Anthu amasintha nthambo za gitala, amasintha ampulifaya, vuto lili pa mawaya awiri okha.

Kodi malamulo amenewa amagwiranso ntchito pa ampulifaya ya mavalavu?

Pang'ono chabe. Ampulifaya ya matiranzisita imaopa ma ohm ochepa, koma ochuluka alibe vuto, ndipo zambiri mutha kuziyatsa popanda sipika. Ya mavalavu, timachubu tagalasi tokuzira mawu, ili ndi thiransifoma yotulutsira mawu, ndipo imafuna kuti ma ohm a bokosi afanane ndi amene alembedwa pobayika waya kapena pa switchi yake. Ya 4 ohm ipatseni 4 ohm. Choopsa kwambiri ndi kuiimbira popanda sipika: mphamvu imasowa kolowera, magetsi amakwera kwambiri mkati mwa thiransifoma ndipo amatha kuboola zokutira mawaya ake. Lumikizani bokosi kaye, kuyatsa pambuyo.

Waya wa sipika wasowa. Ndingagwiritse ntchito waya wa gitala, popeza mitu yake ndi yofanana?

Mitu ndi yofanana koma mkati ndi zosiyana. Waya wa gitala uli ndi kachingwe kamodzi kakang'ono pakati, kopangidwira magetsi ochepa kwambiri. Mawati mazana akadutsamo kamatentha, pulasitiki imasungunuka, mawaya n'kugundana. Ukaduka uli pa ampulifaya ya mavalavu, mwagwera m'vuto la thiransifoma lija.

Waya wa sipika uli ndi zingwe ziwiri zonenepa mofanana. Pa mtunda wa mita imodzi kapena mamita awiri, wonenepa 1.5 mm² ndi wokwanira. Ukatalika, kapena bokosi likakhala la 4 ohm pa ampulifaya yamphamvu, tengani wa 2.5 mm². Ngati zida zanu zili ndi pobayika pa Speakon, gwiritsani ntchito pamenepo: mutu wake umatsekeka ukapotokoledwa, ndipo zitsulo zake sizikhala poyera. Polumikiza mutuwo, + ipite pa 1+ ndipo − ipite pa 1−, mbali zonse ziwiri za waya.