Zotsatira zikapanda kukwana, amalipira ndani?

Amayi otsogolera bungwe lothandiza anthu, musanasaine mgwirizano wa social impact bond umene akubweretseraniwo, funsani kuti adzalipire antchito anu ndani zotsatira zikadzapanda kukwana. Pa pepala zimamveka bwino: amalonda amaika ndalama poyamba, bungwe limagwira ntchito, ndipo boma kapena wopereka thandizo amawabwezera pokhapokha ofufuza oima paokha akatsimikiza kuti zolinga zakwaniritsidwa. Ku ndende ya Peterborough ku England, kumene njirayi idayambira mu 2010, kubwereza milandu kudatsika ndi 9 peresenti ndipo oika ndalama adabwezeredwa. Ku ndende ya Rikers Island ku New York ntchito idaimitsidwa mu 2015 zinthu zitakanika, ndipo adaluza ndalama anali banki ya Goldman Sachs ndi bungwe lothandiza la Bloomberg Philanthropies, osati ophunzitsa achinyamata m'ndendemo. Koma kuno ku Mulanje, titasaina mgwirizano wotere, chikwanje chidagwera ife.

Bungwe lathu linkabwezera kusukulu atsikana osiyira panjira m'midzi ya kufupi ndi Muloza, ndipo ndalama zinkadzera kwa amkhalapakati a mu mzinda, amene adasunga gawo lina la malipiro athu mpaka kafukufuku atachitika. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa miyala ndi matope kuchokera m'phiri, mtsinje wa Ruo udasefukira, ndipo sukulu zathu zidasanduka misasa. Atsikana ena adathawira kwa abale ku Milange ku Mozambique, ena adalowa ganyu kuti banja lidye, ena adakwatiwa. Ofufuza adabwerabe monga mwa ndondomeko yao. Ndidaima ndi aphunzitsi aakulu m'kalasi momwe mudali mphasa ndi miphika ya mabanja osowa pokhala, tikuyesa kulekanitsa masamba a kaundula amene adamatana ndi matope, iwo akungowerenga mitu imene adaipeza. Mtsikana wina adafika wapansi kuchokera kumsasa wina, wopanda yunifolomu, kuwerenga kutangotha kumene, ndipo adakana kumulemba ngakhale mfumu ya m'mudzi idamuikira umboni. Yankho lidali lakuti mgwirizano sudatchule za namondwe.

Gawo losungidwa lija silidabwerenso. Alangizi athu a kumidzi adagwira ntchito miyezi ingapo osalandira kanthu, kenaka mu Novembala ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, bajeti yathu ili yomweyo. Amkhalapakati aja adalandira ndalama zao zoyendetsera ntchito zonse, osadulidwa ngakhale tambala, ndipo m'lipoti lao lonyezimira mudadzaza zithunzi za atsikana omwewo amene ofufuza adakana kuwawerenga. Chimandiwawa kwambiri n'chakuti ndi anthu omwewa amene ankatiuza pa foni kuti tizisankha atsikana a kufupi ndi msewu, tisiye obereka kale ndi a kutsinde kwa phiri, chifukwa amenewo ankatsitsa ziwerengero. Bungwe lidakhazikitsidwira atsikana otsitsa ziwerengerowo!

Komabe sindikunena kuti mukane, makamaka panopa pamene thandizo la boma la America lidadulidwa mu 2025 ndipo mabungwe ambiri atseka zitseko. Ndalama za zaka zingapo zodziwikiratu n'zosowa, ndipo ku Rajasthan ku India bungwe la Educate Girls lidapyola zolinga zake mu 2018 kudzera m'njira yomweyi. Ngakhale kusunga kaundula mosamala kumene ankatikakamiza kudatithandiza kupeza thandizo lina pambuyo pake. Sainani, koma loya wanu ayambe waona mgwirizano wa pakati pa amkhalapakati ndi oika ndalama, osati wanu wokha. Malipiro a antchito asamangiriridwe ku zotsatira, bajeti izisintha kwacha ikagwa, ndipo mulembedwe momveka kuti kukagwa ngozi zogwa mwadzidzidzi tsiku la kafukufuku lidzasunthidwa. Akakana mfundo ya malipiroyo, bwererani kwanu musanagwire cholembera.