Chifukwa chake Aluo amakaika maliro kumudzi

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake Aluo a ku Kenya amalimbikira kutengera maliro kumudzi ngakhale munthu amwalirire kutali. Kwa iwo munthu ndi wa fuko la bambo ake, ndipo manda amakumba pakhomo penipeni, pafupi ndi nyumba. Amati mzimu wa munthu woikidwa kuchilendo umavutitsa otsala.

Nkhani yotere inafikapo kukhoti. Loya wina wa mtundu wa Aluo, S.M. Otieno, atamwalira mu Disembala 1986, mkazi wake Wambui, wa mtundu wina wotchedwa Akikuyu, ankafuna kumuika ku Ngong, kufupi ndi Nairobi. Fuko la malemuyo, la Umira Kager, linakana kwamtuwagalu. Thupi linakhala kumotchale miyezi isanu, kenako khoti linagamula mokomera fukolo, n'kukamuika kumudzi kwawo ku Siaya mu Meyi 1987. Mayiyo ndimawamvera chisoni kwambiri, poti kumaliroko sanapiteko.