Chibwerereni kupolisi, mwana wangoti zii

Mayi wina wandilembera imelo. Mwana wawo wa zaka 17 anagwidwa ataba foni pamsika, anagona masiku atatu m'chitokosi, ndipo chibwerereni sakudya, sakutuluka m'chipinda. Funso lawo n'lakuti: "Kodi n'zoona kuti ana opulupudza ngati ameneyu amadzadzipha akakula?"

Mayi, pepani ndi mtolo umenewu. Ndikuyankhani mosapsatira: ngozi yake ilipo. Ku Sweden ofufuza anatsatira moyo wa anthu pafupifupi 1 miliyoni obadwa pakati pa 1972 ndi 1981, n'kutulutsa zotsatira mu 2011. Anapeza kuti amene anaweruzidwapo kukhoti ali achinyamata ankadzipha kwambiri kuposa anzawo, anyamata ndi atsikana omwe. Komabe unyinji wa iwo anakula n'kukhala moyo wawo bwinobwino. Mwana wanu sanalembedwe imfa pamphumi.

Kuba sikumene kumapha mwana. Chimene chimamukankhira ku chamba, kachasu ndi ndewu kawirikawiri n'chomwecho chimamusowetsa tulo: nkhanza zimene anaona, kusowa womumvera, matenda a maganizo. Ife makolo timaona khalidwe loipalo n'kuthamangira chikoti, bala lenileni osaliona.

Chondidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu si foni ayi, koma kungoti zii kumeneko. Manyazi amalemera, mayi. Mnyamata akudutsa pamjigo, amayi onse asiya kucheza, wina n'kunong'ona kuti "mbava ija ndi imeneyo". Anzake a mpira amuthawa. Iye amva zonse, abwerera kukadzitsekera.

Mufunseni maso ndi maso: "Mwana wanga, kodi ukuganiza zodzipha?" Funso limeneli silimupatsa nzeru yoipa, ambiri amapepukidwa mtima wina akafunsa. Akamanena kuti "bola ndingofa", kapena akayamba kugawa zovala zake, musamusiye yekha. Mankhwala a kumunda ndi a makoswe atuluke m'nyumbamo lero lomwe.

Imbani 116, nambala yaulere ya Tithandizane. Pitani naye kuchipatala cha boma mukafunse wa zamaganizo. Ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kulinso chipatala cha zamaganizo cha St John of God. Za mlanduwo, lamulo loteteza ana la 2010 limalola kuti milandu ing'onoing'ono ya ana ithe popanda kuzengedwa kukhoti, choncho kaonaneni ndi a ofesi yosamalira anthu m'boma lanu.

Usiku uno musamutumire mlongo wake ndi mbale. Tengani nsimayo nokha, mugogode, mukhale naye pamphasa, ngakhale asayankhule.