Mlongo wanu wamangidwa chifukwa cha uthenga wa pa WhatsApp: zoyenera kuchita sabata ino

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga, ndipo pepani ndi zomwe zagwa pakhomo panu. Mwalemba kuchokera ku Angónia kuti mlongo wanu, mnyamata wa zaka 24 woyendetsa njinga yamoto, adatumiza Lachitatu m'gulu la WhatsApp la anzake a pamsika uthenga wa mawu wonena kuti zigawenga za ku Cabo Delgado zaoneka cha ku Tsangano. Ena adathawa kusiya malonda awo, kenaka zidadziwika kuti nkhaniyo inali yabodza. Apolisi adamutenga Lachisanu madzulo pamodzi ndi foni yake. Lero ndi Lachiwiri, sanaonekere pamaso pa woweruza, ndipo wina wakunong'onezani kuti mukapereka kangachepe atuluka mawa. Mukufunsa ngati kutumiza uthenga wochokera kwa ena ndi mlandu, ndiponso ngati mupereke ndalamazo.

Ndalamazo musapereke, chifukwa chake ndifotokoza. Ndiyamba ndi masiku amene wakhala m'chitolokosi, poti apa ndi pomwe lamulo lili kumbali yanu kwathunthu.

Malamulo aakulu a dziko la Mozambique, pa ndime 64, amati munthu wogwidwa auzidwe nthawi yomweyo chimene wagwidwira m'njira yoti amve, ndipo akaonekere kwa woweruza, chifukwa woweruza yekha ndiye anganene kuti akhalebe m'ndende kapena atuluke. Buku la kayendetsedwe ka milandu, Lei 25/2019, lidaika malire a maola 48. Loweruka ndi Lamulungu sizichotsedwa powerenga. Kwa mlongo wanu nthawiyo idatha Lamulungu madzulo, choncho kuyambira pamenepo akusungidwa kunja kwa lamulo, kaya mlandu wake ndi waukulu chotani.

Palinso nkhani ya m'mene adamugwirira. Wapolisi angagwire munthu popanda chikalata pokhapokha atamupeza akupalamula kapena atangopalamula kumene, chomwe m'mapepala amalemba kuti flagrante delito. Uthenga udapita Lachitatu, iwo adabwera Lachisanu. Pamenepo pankafunika chikalata chosainidwa ndi woweruza. Mfundo imeneyi idamangidwa ndi a Conselho Constitucional, bwalo lotanthauzira malamulo aakulu a dziko, mu 2013, pamene adagamula kuti apolisi ngakhale oimira boma pa milandu alibe mphamvu yolamula okha kuti munthu atsekeredwe ngati sanamupeze akupalamula. Funsani amene analipo Lachisanu ngati adaonetsedwa pepala lililonse, ndipo ngati lilipo, muone dzina ndi udindo wa amene adasaina.

Mawa m'mawa pitani ku ofesi ya IPAJ ya m'boma lanu. Bungweli ndi la boma, ndipo ntchito yake ndi kuimira pa milandu anthu osakwanitsa kulipira loya. Nyamulani BI yanu, chiphaso cha unzika, ndi ya mlongo wanu ngati ili kunyumba. Angakufunseni kalata yotsimikiza kuti ndinu osowa, atestado de pobreza, yomwe imayambira kwa mlembi wa dera lanu. Mukachoka kumeneko pitani ku Procuradoria, ofesi ya oimira boma pa milandu, yomwe ili ndi udindo woyang'anira kuti palibe wotsekeredwa mosatsata lamulo. Musapite ndi pakamwa pokha. Lembani kalata ya Chipwitikizi yonena dzina lake, tsiku ndi ola limene adamugwira, malo amene ali, ndi kuti mpaka lero sanaonekere kwa woweruza. Mukhale ndi makope awiri, lina adindepo chidindo ndi tsiku, mubwerere nalo. Mabanja ambiri amayenda sabata yathunthu kudandaula, koma pofika kukhoti alibe chosonyeza kuti adapitako.

Zikapanda kusuntha tsiku lomwelo, pemphani habeas corpus ku khoti. Ili ndi pempho lakuti woweruza alamule kuti munthuyo abwere naye pamaso pake. Lili pa ndime 66 ya malamulo aakulu, ndipo khoti liyenera kuyankha pasanathe masiku 8. Inu nomwe ngati nzika mungathe kulisainira, sizidikira kuti wotsekeredwayo alembe yekha.

Tsopano tsiku lokaonekera kwa woweruza wofufuza milandu, juiz de instrução criminal. Pano ndichedwapo, chifukwa milandu yambiri ya kwathu kuno imaonongekera pa tsiku limeneli. Zonse zimalankhulidwa ndi kulembedwa m'Chipwitikizi. Mnyamata wa ku Dómuè kapena ku Furancungo akhoza kudziwa Chipwitikizi chogulitsira mbatata pamsika, koma osadziwa kusiyana kwa mawu akuti adatumiza ndi akuti adafalitsa akudziwa kuti ndi bodza. Akafunsidwa ngati akumva, amagwedeza mutu chifukwa cha manyazi ndi mantha, nkusaina. Lamulo limamupatsa womasulira waulere, ndipo anene yekha pachiyambi kuti akufuna kulankhula Chichewa. Loya ayenera kukhalapo pa kufunsidwa koyambaku, ndipo ndime 63 ya malamulo aakulu imalola loya kucheza naye paokha ngakhale ali m'chitolokosi. Za dzina, makolo ndi kumene amakhala ayankhe zoona. Za mlanduwo ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo kukhala chete sikuwerengedwa ngati kuvomera. Pepala lililonse asanasaine, limasuliridwe mzere ndi mzere. Ngati adasaina kale china kupolisi osachimvetsa, auze woweruza ndipo apemphe kuti mawu akewo alembedwe. Chimodzimodzi ngati adamenyedwa: aonetse mabala, apemphe kupimidwa ndi a chipatala. Ndime 65 ya malamulo aakulu omwewo imati umboni wopezeka pomenya kapena poopseza munthu ulibe ntchito.

Nanga mlanduwo? Kuyambira pa 5 Okutobala 2017, pamene zigawenga zidaukira Mocímboa da Praia, nkhondoyi yapha anthu ambiri ndi kusamutsa miyandamiyanda. Idafika ku Palma mu Marichi 2021, idalowako ku Niassa kumapeto a chaka chomwecho, ndi ku Nampula mu 2022. Boma limaopa mphekesera chifukwa mudzi wonse ukhoza kuthawa usiku ndi uthenga umodzi. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo idavomereza Lei 13/2022, momwe mudalowa chilango cha zaka 2 mpaka 8 kwa munthu wonena kapena kubwereza poyera nkhani za uchigawenga zomwe akudziwa kuti ndi zabodza kapena zopotozedwa kwambiri, ndi cholinga chodzetsa mantha ndi chisokonezo. Lamulo la uchigawenga lidalembedwanso mu 2023 ngati Lei 15/2023, choncho loya aone ndime yeniyeni imene alemba pa mlandu wake. Bungwe la atolankhani la MISA lidadandaula ndimeyi isanavomerezedwe, poopa kuti itseka anthu pakamwa, ndipo ine ndimagwirizana nalo kuti mawu ake ndi otambalala kwambiri moti angakole ndi munthu wamantha yemwe.

Komabe onani zomwe boma liyenera kutsimikiza. Sikokwanira kuonetsa kuti uthenga udali wabodza, kapena kuti udachoka pa foni yake. Liyenera kuonetsa kuti iye ankadziwa kuti ndi bodza pa nthawi imene ankatumiza, ndi kuti ankafuna anthu achite mantha. Munthu amene walandira uthenga, wakhulupirira, natumiza kwa anzake kuti asapite kumeneko ndi njinga, wachita mosaganiza bwino, koma sadachite zimene ndimeyi ikunena. Ntchito yotsimikiza ndi ya boma, chifukwa ndime 59 ya malamulo aakulu imati munthu ndi wosalakwa kufikira khoti litagamula komaliza. Palinso mawu akuti poyera. Gulu la pabanja la anthu 8 silifanana ndi gulu la msika la anthu mazana, ndipo loya adzafuna kudziwa kuti gululo lili ndi anthu angati, amalowamo bwanji. Sindikubisirani: ngati gulu ndi lalikulu ndipo anthu adathawadi, woimira boma adzakakamira pamenepa. Zidzalemera kwambiri ngati mlongo wanu adajambula mawuwo yekha, kapena adawonjezera zake monga kunena kuti wawaona ndi maso, kapena adatumizanso atauzidwa kale kuti ndi bodza. Mufunseni zimenezi kudzera mwa loya, ndipo anene zoona kwa loyayo.

Chifukwa chake foni ija ndi mboni yake yaikulu. WhatsApp imaika chizindikiro pa uthenga wochokera kwa ena, ndipo wodutsa m'manja ambiri umakhala ndi mivi iwiri. Foni ikusonyeza amene adamutumizira, ola limene adalandira ndi ola limene adatumiza. Ngati padapita mphindi zochepa, ndi umboni wakuti sadakonze chiwembu. Ngati pambuyo pake adalemba kupepesa kapena kufunsa ngati nkhaniyo ndi yoona, ndi umboni wabwino koposa. Anzake a m'gulumo asafufute kalikonse ndipo asatuluke m'gulu. Ajambule zooneka pa foni, tsiku ndi ola zikuoneka, asunge. Achibale ena pofuna kuthandiza amatenga nambala ya munthu kukaitsegulira pa foni ina kuti afufute zonse. Kumeneko ndi kumupha: umboni womuombola umatayika, ndipo woweruza amaona ngati banja likusokoneza kafukufuku, chomwe ndi chifukwa chimodzi chokanizira munthu kutuluka. Funsaninso pepala losonyeza kuti foni idalandidwa, auto de apreensão, lolembedwa mtundu wa foni ndi nambala yake. Kuwerenga mauthenga a munthu kumafuna chilolezo cha woweruza, ndipo loya ayang'ane ngati chilimo m'failo.

Akamaliza kumufunsa, woweruza amasankha. Angamutulutse atasaina termo de identidade e residência, lonjezo lakuti sasamuka osanena ndipo adzabwera akaitanidwa. Angamulamule kuti azikaonekera masiku oikika, kapena kuti alipire chikole, caução. Kumusunga m'ndende kudikira mlandu ndi njira yomaliza, ndipo woweruza ayenera kulemba chifukwa chake: kuopa kuti athawa, kuti asokoneza umboni, kapena kuti apitiriza kulakwa. Kwa ife a m'malire choopsa ndi choyambacho. Ku Calómuè kapena ku Biri-Biri munthu amangodumpha msewu ali ku Malawi, ndipo pafupifupi banja lililonse lili ndi abale ku Dedza kapena ku Ntcheu. Woimira boma sadzalephera kutchula zimenezi, makamaka kwa munthu wokhala ndi njinga yamoto. Muyankheni ndi mapepala: kalata ya mlembi wa dera kapena ya a mfumu yonena kuti amakhala pamenepo, makalata obadwira a ana ake, mapepala a njinga, umboni wa munda, ndi anthu awiri odziwika okonzeka kumuchitira umboni. Zimenezi zikhale m'manja mwa loya tsikulo lisanafike.

Chikole chimalamulidwa ndi woweruza, chimalembedwa, chimalipiridwa ku akaunti ya khoti ndi pepala lolipirira, ndipo lisiti mumasunga chifukwa ndalamayo imabwezedwa mlandu ukatha iye atatsata zonse. Kangachepe kamene akukuuzaniko sikali m'gulu limeneli. Wopereka ziphuphu naye amapalamula mlandu. Ndipo ngakhale atatuluka pakhomo la kuseri, failo imatsala yotsegula, tsiku lina adzamugwiranso pa msewu, pamenepo akuoneka ngati wothawa. Munthu wokupemphaniyo mungamunene ku Procuradoria, komwe nkhani za katangale zimalandiridwa.

Chinthu china choti mufunse mwamsanga ndi ndalama za pa foni. Milandu ya kutumiza ndalama kwa zigawenga, kukopa anyamata kuti akalowe, kapena kuzitamanda poyera ili ndi zilango zolemera kuposa iyi, ndipo a SERNIC, apolisi ofufuza milandu, akatenga foni amayang'ana M-Pesa ndi e-Mola. Oyendetsa njinga amakonda kulandirira makasitomala ndalama pa nambala zawo, ena amalembetsa simu ndi BI yawo kupatsa mnzawo. Ngati pali ndalama zimene zidadutsa kwa iye kupita kumpoto, loya adziwe msanga, ndi dzina la mwini wake ndi chimene adatumizira.

Izi musazisokoneze ndi kudzudzula boma. Ndime 48 ya malamulo aakulu imateteza ufulu wolankhula ndi wolandira nkhani, ndipo kulemba kuti nkhondo yatenga nthawi kapena kuti msewu waonongeka si uchigawenga. Chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 chitadutsa, intaneti ya pa foni idadulidwa kangapo ndipo anthu ambiri adayamba kuopa kulemba chilichonse. Mantha amenewo asakuchititseni kuganiza kuti mlongo wanu alibe pothawira. Ndinenenso, poti m'mabanja a kuno zimachitika, kuti ngati mapepala ake ndi a ku Malawi ali ndi ufulu wopempha kuti ofesi ya kazembe wa Malawi ya mu mzinda wa Tete idziwitsidwe.

Woweruza akalamula kuti akhalebe m'ndende, chigamulocho chiyenera kudziwitsidwa kwa wachibale amene iye watchula, ndipo chingathe kutsutsidwa ku khoti lalikulu. Kusungidwa kotereku kuli ndi malire a miyezi, omwe amatalikirapo pa milandu ya uchigawenga, ndiye lembani nambala ya failo ndi tsiku la chigamulo, mupemphe loya akuwerengereni tsiku limene malirewo akuthera. Masiku amene wakhala kunja kwa lamulo kuyambira Lamulungu nawonso alembedwe m'failo, chifukwa ndime 58 ya malamulo aakulu imalola kudzapempha chipepeso ku boma mlandu ukatha.