Amadziwa bwanji popanda kuwerenga tonse?

Achimwene, mwafunsa kuti akatswiri amadziwa bwanji kuti plankton, tizomera ndi tizilombo tating'onoting'ono toyandama m'nyanja, tikuchepa kapena kuchuluka pomwe palibe angatiwerenge. Zoona, palibe amawerenga tonse. Amangotapako, koma katapidwe kake sasintha chaka ndi chaka.

Ku Britain ntchitoyi anaiyambitsa Alister Hardy mu 1931. Sitima zamalonda zimakoka kachipangizo mamita pafupifupi 10 pansi pa madzi, m'kati mwake muli nsalu ya silika yosefa. Nsaluyo imapita ku Plymouth komwe amakawerenga zomwe zakodwa.

Tsono masamu amalowa apa. Taganizani za msodzi wa ku Elephant Marsh. Madzi akasefukira ngati mu 2015 kapena nthawi ya Freddy mu 2023, milamba imene angaphe siingafanane ndi ya chaka cha chilala. Mwezi wa Okutobala nawonso sungafanane ndi Febuluwale. Ndiye wina akaima pa dooko masiku awiri n'kunena kuti nsomba zatha, ine sindimumvera. Mwina bwato linangopita polakwika tsiku limenelo.

Kompyuta imapatsidwa manambala a zaka zambiri kuti ilekanitse zinthu zimenezi: kukwera ndi kutsika kobwera ndi nyengo, zongochitika mwamwayi, ndi kusintha kwenikweni komwe kumayenda pang'onopang'ono kunsi kwa zonsezo. Amaonjezamo katenthedwe ka madzi, mphepo ndi michere yomwe tizomerato timadya, kuti aone chomwe chikuyendera limodzi ndi chinzake. Komatu kuyendera limodzi sikutanthauza kuti china ndicho chachititsa chinzakecho, apa ngakhale ophunzira amaterereka.

Umu ndi momwe anaonera kuti ku North Sea, nyanja ya kum'mawa kwa Britain, madzi atayamba kufunda m'zaka za m'ma 1980, kachilombo kokonda madzi ozizira ka Calanus finmarchicus kanachepa, m'malo mwake kanachuluka ka Calanus helgolandicus. Ana a nsomba za cod, omwe ankadalira koyambako, anavutika. Chaka chimodzi sichikanaonetsa zimenezi.

Musati ndi za azungu zokha. Usipa womwe timagula pa Nchalo umadya plankton ya m'nyanja ya Malawi, ndipo mwera ukaomba m'miyezi yozizira umavundula madzi akuya, michere n'kukwera pamwamba. Shire wathu yemweyu amakathira mu Zambezi, madziwo n'kukafika ku Sofala Bank m'nyanja ya Indian, komwe anthu a ku Mozambique amapha nkhanu zing'onozing'ono zija za malonda.